Atelala Achepetsa Buluku

Atelala anakankha mbale. Anali atangodya pang'ono chabe, mpunga uli wodzaza m'mbalemo, ndiwo osazikhudza n'komwe.

"Ndakhuta," anatero akusamba m'manja.

Akazi awo, mayi a mapasa, anayang'ana mbale ija, kenako anayang'ana amuna awo. Sikanali koyamba. Munthu amene kale ankamaliza mbale yake n'kukasuzumiranso mumphika, masiku amenewa ankangolawa ngati mlendo wamanyazi.

"Mwakhuta chiyani, bambo a mapasa? Kapena mchere wachepa?"

"Mchere uli bwino. Kodi kukhuta kumafunanso umboni?"

Anatenga chipewa chawo n'kubwerera kushopu. Mayi a mapasa anatsala ndi mbale m'manja.

Chikanakhala chakudya chokha, bwenzi atangozisiya. Koma panalinso zina. Zaka zonse za ukwati wawo, atelala ankasokera anthu zovala zokongola, iwo eni n'kumavala mabuluku otaya ngati matumba. Tsopano mabuluku awo ankawagwira bwino m'chiuno ngati a mnyamata wofunsira. Anali atadzisokeranso malaya atsopano a kolala yaitali, ndipo ankamanga mabatani mpaka pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Posamba ankakhoma chitseko, n'kutuluka atavala kale.

Tsiku lina atelala atawerama kuti amange nsapato, mayi a mapasa anaona kumbuyo kwa khosi lawo. Khungu linali lakuda bii ngati apakapo mwaye, lokhuthala, lokhala ndi timizere. Anaganiza kuti ndi litsiro. Madzulo ake anawaikira mwala wokhulira ndi sopo watsopano kubafa.

"Mwalawu ndi wa chiyani?" anafunsa atelala.

"Mukhule m'khosimo. Anthu aziti sindikusamalani."

"Mukundiyesa mwana? Ndinayamba kusamba inu musanandidziwe!"

Nkhani inathera pomwepo, koma mumtima mwa mayi a mapasa sinathe.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala mayi wina amene anthu onse mumsewumo ankamutchula kuti Wailesi. Dzinali silinabwere pachabe. Nkhani ikamufika m'mawa, pofika masana inkakhala itamera miyendo ndi mchira. Mayi a mapasa ankadziwa zimenezi, koma chinthu chikakukulira mumtima umachiuza amene ali pafupi. Anamuuza akuyanika zovala.

Wailesi anaika beseni pansi n'kuwomba m'manja.

"Aneba, inu maso muli nawo koma simuona! Mwamuna akamakhuta asanadye, ndiye kuti kwinakwake kuli mphika wina."

"Aaa, bambo a mapasa? Pa msinkhu umenewu?"

"Msinkhu umenewu ndiye woopsawo. Nanga kutchenaku akutchenera ndani? Inuyo? Pafupi ndi shopu yawo si pali saluni? Mayi wa pasaluni uja, wa zikhadabo zofiira uja, mumamuona bwanji?"

"Nanga khosi kudaku?"

Wailesi anatsitsa mawu, ngakhale kuti panalibe wina womvera.

"Amenewo ndi matenda otengera, aneba. Utsi sufuka popanda moto. Ine sindinanene kanthu, koma mudziyang'anire."

Mawu amenewa anawalowa mayi a mapasa ngati minga. M'mawa mwake anavala ngati akupita kumsika, koma anakaima pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi shopu ya amuna awo. Shopuyo inali kachipinda kamodzi, makina osokera ali pakhomo, madiresi a eni ake atapachikidwa pawaya. Atelala anali atakhala pamakina, koma makinawo sankalira. Ankangoweramira pasingano, kudzuka, kuweramanso. Kenako anagogoda khoma ndi sizasi.

Posakhalitsa mayi wa pasaluni anatuluka akupukuta m'manja, n'kulowa mushopumo ngati kwawo. Anawerama pafupi ndi atelala, mitu yawo kutsala pang'ono kugundana. Atadzuka anaseka, atelala n'kumupatsa buledi amene akazi awo anawakulungira m'mawa womwewo.

Mayi a mapasa sanadikirenso. Anabwerera kunyumba misozi ili m'maso. Anatsegula kabati n'kutulutsa mabuluku onse a amuna awo, n'kuyamba kupisa m'matumba. Anapezamo choko, mabatani ndi tizidutswa ta ulusi. Anatembenuza buluku limodzi kuti aone ngati muli thumba lobisika. Thumba munalibe. Chimene anaona ndi misoko kumbuyo kwa chiuno: msoko wakale, wina mkati mwake, winanso mkati mwa umenewo. Mabuluku onse anali chimodzimodzi.

"Kuchepetsa mabuluku kuti azioneka mnyamata," anadziyankhulira. "Chabwino."

Anaganiza za mapasa awo amene anali kusukulu yogonera komweko, n'kuona kuti ayenera kudziwa mmene thupi lawo lilili. Tsiku lotsatira anapita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo kukayezetsa magazi, osauza munthu.

Anesi amene anawalandira anali mayi wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe. Anawatenga magazi pachala, ndipo patapita kanthawi anawauza kuti alibe kachilombo.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Kuyezetsa ndi nzeru. Koma nkhope yanu sinamasuke. Chakubweretsani kwenikweni n'chiyani?"

Mayi a mapasa anafotokoza zonse: mbale yobwerera yodzaza, malaya a kolala yaitali, mayi wa pasaluni, khosi lakuda. Za mayi wa pasaluni anesi sanazilabadire. Koma atamva za khosi, anavala magalasi awo.

"Khungulo lada pati ndi pati?"

"Kumbuyo kwa khosi. Ndinaonanso m'khwapa tsiku lina akuvula malaya. Ndipo amangodzikanda."

"Zayamba kalekale, kapena posachedwa?"

"Posachedwa. Pamene mapasa ankapita kusukulu, khosi linali bwinobwino."

"M'manja mwawo mwaonamo?"

Mayi a mapasa anaganiza kaye. "Zikhatho zakhuthala. Zachita timizeremizere ngati thawulo. Ine ndimati ndi ntchito."

"Bambowo ndi onenepa?"

"Ayi, sanakhalepo onenepa."

"Nanga awonda?"

"Ayi, sanawonde. Zovala zikuwakwana bwinobwi..."

Mawu anathera pakamwa. Anaona m'maganizo mwawo buluku lotembenuza lija, msoko mkati mwa msoko. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Anesi, amuna anga ndi telala," anatero chapansipansi. "Akhala akuchepetsa mabuluku awo okha. Kangapo konse."

Anesi anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mayi, za pasalunizo ine sindizidziwa, ndipo si ntchito yanga. Koma mverani izi. Khungu kuda ndi kukhuthala m'khosi kapena m'khwapa si zachilendo. Nthawi zambiri zimachitika kwa anthu onenepa kapena amene ali ndi vuto la shuga, ndipo zimabwera pang'onopang'ono. Zimenezo si khansa. Koma zikabwera mwadzidzidzi kwa munthu wamkulu amene si wonenepa, n'kumafalikira msanga, kufika m'manja kapena m'milomo, munthuyo akuwonda, akukhuta asanadye, pamenepo timafuna tione mkati mwa thupi. Si kawirikawiri, koma nthawi zina khungu limasintha chifukwa cha chotupa chimene chili m'mimba kapena kwina mkati."

"Mukutanthauza khansa?"

"Sindinanene kuti ali ndi khansa. Ine bambowo sindinawaone n'komwe. Ndikunena kuti zimenezi si za mwala wokhulira, si za mafuta ogula pamsika, ndipo si za kufunsa aneba. Abwere tiwaone sabata yomwe ino. Khansa ikapezeka msanga, pamakhala zambiri zimene madokotala angachite."

Mayi a mapasa anathokoza n'kutuluka. Anabwera akuopa kulandidwa mwamuna ndi mkazi mnzawo. Ankabwerera akuopa chinthu chachikulu kuposa pamenepo, ndipo anachita manyazi pokumbukira mmene anaimira pakhonde la sitolo ya zitsulo. Sanapite kunyumba. Analunjika kushopu.

Atelala atawaona anadzidzimuka, n'kukoka kolala yawo.

"Kwagwanji? Mapasa ali bwino?"

"Ali bwino." Mayi a mapasa anatenga tepi yoyezera imene inali pamakina. "Imirirani ndikuyezeni."

"Mwayamba liti utelala?"

"Lero. Imirirani."

"Kodi mukunditsata? Dzulo anthu akuti anakuonani pasitolo ya zitsulo apo, mutaima ngati wapolisi. Wakutumani ndani? Wailesi?"

"Inde ndinaima. Ndinaona zonse. Ndinaonanso buledi wanga akulowa m'saluni."

Atelala anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma nthawi yomweyo mayi wa pasaluni anasuzumira pakhomo, chipeso chili m'tsitsi.

"Bambo, ndamva phokoso, ndimati mukundiitana. Ulusi waduka? Aa, mayi, mwabwera! Mwachita bwino. Bambowa zala zawavuta, ulusi sakutha kulowetsa pasingano. Tsiku lonse amangondigogodera khoma, makasitomala anga mpaka akudandaula. Ndawauza kuti apite kuchipatala, koma samva. Buledi amandikakamiza, akuti asabwerere naye kunyumba mungakhumudwe."

Anatero n'kubwerera kwa kasitomala wake. 

Mayi a mapasa anakhala pa kabenchi ka makasitomala.

"Ndionetseni manja anu, bambo a mapasa."

Atelala anazengereza, kenako anatambasula zikhatho. Khungu linali lokhuthala, la timizere tokwera, mpaka kunsonga za zala. Akazi awo anawamasula batani la pakhosi. Kuda kuja kunali kutazungulira khosi lonse, kofewa ngati nsalu ya veleveti, ndipo pena panali patamera tinjerewere.

"Ndi utoto," anatero atelala, akuyang'ana kumbali. "Nsalu zimene akugulitsa masiku anozi n'zachinyengo. Ndikumukayikira amene amandibweretsera uja. Ndasiya kugula kwa iye."

"Utoto umachepetsa chiuno?"

Atelala anabisa manja kumbuyo.

"Ndatembenuza mabuluku anu. Ndaona misoko yonse. Inu mumayeza anthu tsiku ndi tsiku, simungandiuze kuti simunaone."

Atelala anakhala pansi, n'kuyamba kuseweretsa sizasi.

"Ndinaona," anatero. "Koyamba ndinati ndi kutopa. Kachiwiri ndinachita mantha. Achimwene anga aja analowa m'chipatala akuyenda okha, anatuluka atawanyamula. Madokotala akangokugwira amakupeza ndi kanthu. Ndinati bola ndizingosoka, ana amalize sukulu."

"Achimwene anu anapita kuchipatala atagona chaka chathunthu m'nyumba. Si chipatala chinawapatsa matenda. Paja amati ukabisa matenda, maliro tidzamva. Mukufuna mapasa amve choncho?"

"Nanga madiresi a eni akewa? Ukwati wa anthu uli pafupi."

"Eni ake apeza telala wina. Ine ndi mapasa tikapeza kuti wina?"

Atelala anayang'ana akazi awo nthawi yaitali. Kenako anavundikira makina ndi nsalu.

Kuchipatala chaching'ono kuja anesi anawayeza shuga, n'kupeza kuti ali bwino. Kachilombo analibenso. Anawakweza pasikelo, anawaona m'khosi, m'khwapa, m'manja ndi m'kamwa, n'kuwalembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Atelala ankangoyang'ana cholembera cha anesi ndi diso lokayikira.

"Ngati shuga ali bwino, mukunditumiziranji kwina?"

"Chifukwa shuga ali bwino, bambo. Akanakhala wokwera tikanati mwina ndi ameneyo. Tsopano tifufuze chifukwa china."

Kuchipatala chachikulu kunali mizere yaitali ndi mabenchi olimba. Atelala anafuna kubwerera kawiri konse, koma akazi awo anali atawagwira mkono wa malaya. Adokotala anawafunsa mafunso ambiri, kenako anawapatsa tsiku loti abwere osadya kanthu. Tsikulo anawalowetsa kapaipi kofewa kukhosi, kokhala ndi kamera kunsonga, kuti aone m'chifu. Anatengamo kanyama kakang'ono kokayeza, n'kuwajambulanso m'mimba.

Masiku odikira zotsatira anali owawa. Wailesi ankasuzumira pampanda.

"Aneba, ndamva kuti mwayamba kuyenda limodzi ngati mwakwatirana dzulo. Kuchipatala akuti chiyani? Ndi zija ndinanena zija?"

"Akuti tiziyanika zovala zathu kumbali kwathu," anayankha mayi a mapasa, n'kulowa m'nyumba.

Zotsatira zitabwera, adokotala anawakhazika onse awiri.

"Bambo, tapeza khansa m'chifu mwanu. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera. Koma pali nkhani ina yabwino. Pazithunzi sitikuona kuti yafalikira ku chiwindi kapena kwina. Tikhoza kuchita opareshoni n'kuchotsa mbali imene ili ndi chotupayo, kenako mulandire mankhwala."

Atelala anayang'ana zikhatho zawo.

"Ndiye khunguli ndi khansanso?"

"Ayi. Khungulo lilibe khansa. Chotupacho chimatulutsa zinthu zina m'magazi zimene zimachititsa khungu kukhuthala ndi kuda. Khungu linkangokuuzani kuti mkati muli vuto. Ndikuuzeni zoona, ambiri amene amabwera ndi zizindikiro ngati zimenezi amafika mochedwa, matenda atapita kale patali. Inu mukanachepetsa bulukulo kangaponso, bwenzi tikukamba nkhani ina."

Mayi a mapasa analira pomwepo, osabisa. Analira chifukwa cha mantha, analiranso chifukwa cha nthawi imene anataya akulondalonda mayi wosalakwa.

Miyezi yotsatira sinali yophweka. Opareshoni inatheka, koma mankhwala ankawafooketsa atelala, kuwachititsa nseru, ndipo shopu inakhala yotseka nthawi yaitali. Mapasa atabwera kutchuthi anauzidwa zoona zonse. Mayi wa pasaluni anabwera kudzazonda ndi zipatso, ndipo mayi a mapasa anamuperekeza mpaka kumsewu n'kumupepesa.

"Pepani, mayi. Ine ndinakuganizirani zoipa."

"Ndinadziwa," anaseka mayi wa pasaluni. "Mmene munkandiyang'anira zikhadabo zangazi, ndinkaopa kuti muzidula ndi sizasi ya bambo."

Pang'onopang'ono kuyabwa kunasiya. Khosi linayamba kuyera, zikhatho zinafewa. Atelala ankadya pang'ono koma pafupipafupi, monga anawalangizira adokotala, ndipo tsiku lopita kukaonedwanso sankaliphonya. Wailesi anayamba kuuza anthu kuti iye ndi amene anawalangiza aneba ake kuti athamangire kuchipatala. Mayi a mapasa anangomusiya, poti wailesi siitsutsidwa, imangotsekedwa.

M'mawa wina atelala anatuluka kuchipinda atagwira buluku m'chiuno.

"Mayi a mapasa, bulukuli mwalichapa ndi chiyani? Batani silikufika."

Akazi awo anawayang'ana, kenako anayamba kuseka mpaka kugwira khoma.

"Ndiye titani? Tigule lina?"

"Kugula? Telala sadula nsalu ya mkati, amangoipinda. Bweretsani kalezala."

Anakhala pakhonde, malaya osamanga pakhosi, n'kumasula msoko wamkati uja. Atatha anatenga singano ndi ulusi. Akazi awo anatambasula dzanja kuti awathandize, koma iwo anakana. Ananyowetsa ulusi pamilomo, n'kuulowetsa okha.

Shopu inatsegulidwanso. Atelala akusokabe, koma pali chinthu chimodzi chimene anasintha. Munthu akabweretsa buluku kapena siketi kuti amuchepetsere, makamaka akabwera nayo kachiwiri, iwo amaika tepi pansi n'kumufunsa:

"Kodi mukuchepetsa thupi mwadala, kapena likuchepa lokha?"

Ena amaseka, ena amakwiya n'kunena kuti anabwera kwa telala, osati kwa dokotala. Iwo sakhumudwa. Amawaonetsa khosi lawo n'kuwauza nkhani yonse, kenako amati: "Ndikuchepetserani, koma mawa mupite kuchipatala."

Nafenso tisadikire kuti telala atifunse. Kusintha kwa khungu nthawi zambiri sikukhala khansa, choncho tisamangonjenjemera ndi kadontho kalikonse. Koma khungu likada ndi kukhuthala mwadzidzidzi m'khosi, m'khwapa kapena m'manja, njerewere zambiri zikatuluka nthawi imodzi, thupi likamayabwa osasiya, kapena maso akachita chikasu, tipite kuchipatala msanga. Tifulumire kwambiri ngati tikuwonda popanda chifukwa, tikukhuta tisanadye, kapena tikungofooka. Tisakhule ndi mwala, tisabise ndi kolala, ndipo tisataye nthawi kufunafuna munthu woti timukayikire. Wa m'banja mwathu akasintha, tiyambe tamufunsa kuti, "Mukumva bwanji m'thupi?"